Amayi Otayipa ndi Laputopu ya Mkamwini

Pamsewu wawo ankangowatchula kuti Amayi Otayipa, ngakhale ntchito yotayipa makalata muofesi anaisiya kalekale. Amuna awo atamwalira, mwana wawo wamkazi n'kusamukira kutali ndi banja lake, anatsala okhaokha. Mipando ya pabalaza anaifunditsa nsalu, poti wokhalapo panalibe.

Posamuka, mkamwini wawo anawasiyira laputopu yotopa kuti azilankhulana. Anaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe anthu amapanga mothandizana n'kumagawana ulere.

"Nanga ndikaiwononga, bambo?" anafunsa Amayi Otayipa.

"Iwonongeni ndithu, amayi. Kuphunzira kwake n'komweko."

Poyamba ankaiyatsa Lamlungu lokha. Adzukulu ankangokuwa kuti "Agogo!" n'kuthawira kumasewera, ndipo kulankhulana kukatha nyumba inkangoti zii. Tsiku lina, posowa chochita, anatsegula kawindo kakuda kamene mkamwini anawaonetsa, kolembamo malamulo. Munalibe zithunzi, koma kamzere kophethira kodikira mawu. Zala zinakumbukira ntchito yake. Kuyambira pamenepo ankaphunzira kanthu kamodzi patsiku: lero kusamutsa chithunzi, mawa kufufuza komwe chalowera.

Kugwiragwirako kunapha mawu a laputopuyo. Lamlungu adzukulu ankangoyasama pagalasi ngati nsomba. "Ndikuimbirani, amayi," analemba mkamwini, koma sanaimbe.

Pofufuza pa intaneti anapeza tsamba lomwe anthu a Linux amathandizana. Analemba mwaulemu wonse wa muofesi, kuyambira ndi "Okondedwa bambo kapena mayi." Anayankha ndi munthu wodzitcha Kadzidzi.

"Malonje achepe, agogo. Nenani zomwe munachita ndi zomwe kompyuta yayankha, osasintha ngakhale chilembo."

Kukopera mosaphonya chilembo inali ntchito yawo yakale. Anatumiza, Kadzidzi anawalongosolera chochita, mawu anabwerera.

Koma m'mawa mwake analibe funso, ndipo tsikulo linatalika. Anayamba kusokoneza zinthu mwadala kuti apeze chofunsa. Ankasesa, kuchapa, kuthira tiyi, kenako kukhala pansi kuona ngati yankho lafika.

"Agogo, dzulo munati mulibe makina osindikizira," analemba Kadzidzi tsiku lina. "Nanga mukufunsa za a ndani?"

Anaseka okha mpaka misozi, kuseka komwe makoma a nyumbayo anali atakuiwala.

"Ndikukonzekera, mwanawe. Mwina ndidzawatola panjira."

Macheza amenewa anawaphunzitsa zambiri. Kadzidzi sankawapatsa lamulo osawauza chomwe limachita, ndipo ankati asanafunse ayambe ayesa okha.

Kenako Kadzidzi anangoti zii. Amayi Otayipa anafunsa za iye patsambapo, wina n'kuyankha kuti anthu amabwera n'kupita. Sanadziwe ngati anali mnyamata kapena mtsikana, ngati anadwala, kapena anangopeza ntchito yomutangwanitsa. Kwa kanthawi laputopu anaitseka, n'kumakhala pakhonde kuonerera odutsa, omwe ankangokweza dzanja osaima.

Atatsegulanso anapeza funso la munthu wachilendo, lolembedwa mwamantha: mawu athawa pakompyuta yake, ndipo palibe yemwe wamuyankha. Anakoka mpando, kupukuta magalasi, n'kumulongosolera pang'onopang'ono.

Masiku ano amayankha oyamba kumene m'mawa uliwonse akatha kusesa. Ambiri zikawayendera sabweranso, ngakhale kudzanena zikomo. Iwo amathira tiyi wina m'kapu, n'kuwerenga funso lotsatira.