Chisanu Chimene Tinaphunzira Kupempha

Utsi wa nkhuni za paini uli ndi fungo lakelake, la utomoni wotentha. Ndikalimva lero ndimabwerera ku Matawale, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri, m'chisanu cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Matipate anali atangoyamba kumene, sukulu inali yaulere, ndipo tinkaphunzirira pansi pa mtengo chifukwa cha kuchuluka. M'mawa uliwonse chifunga chinkatsika m'phiri la Zomba n'kukuta madenga a malata, ife titaunjikana pa mbaula, zala zitauma ndi kuzizira.

M'chisanu chimenecho amalume anga, achimwene awo a amayi, anafika ndi mkazi. Anali dalaivala wa thiraki ya ku Dar es Salaam, ndipo anakwatira ku Tanzania komweko. Mkaziyo dzina lake linali Rehema, ife tinkati Anti Rehema. Amalume anagona masiku awiri okha, n'kuwasiya m'manja mwa amayi mpaka adzabwerenso kudzapeza nyumba ya lendi. Anti sankadziwa Chichewa, ndipo kwathu kunalibe wodziwa Chiswahili.

Amayi anawalandira ndi ulemu wonse umene ankaudziwa. Anawapatsa mpando wa khushoni, womwe unalipo umodzi wokha, ndi kapu yamaluwa imene inkakhala m'kabati chaka chonse. Madzi osamba ankawaphitsira n'kukawaikira kubafa. Anti akagwira tsache, amayi ankathamanga kukawalanda akumwetulira. Akayandikira mbaula, ankawabweza ndi manja awiri mpaka pa mpando paja. Kwa amayi, kulola mlamu wochokera kutali chonchi kugwira ntchito kunali kunyozetsa achimwene awo.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinawapeza pakhonde, atafunda nsalu yopyapyala ya malemba m'mphepete. Amayi anali kumsika, kumene ankagulitsa matemba. Anti analoza ndowa nati, "Naomba maji." Ndinawatungira madzi. Atamwa, ndinayesa kubwereza mawu aja, ndipo iwo anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka. Anadzuka msangamsanga, natunga madzi, nandipatsa atagwada ngati ndine bambo wa pakhomo. Ndinamwa ngakhale ndinalibe ludzu, kenaka ndinapemphanso.

Umo ndi mmene sukulu yanga yachiwiri inayambira. Ndinatenga kope limodzi mwa aja ankatigawira, n'kuyamba kulemba chakumapeto kwake. Naomba, ndiko kuti ndikupempha, linali khomo la zonse. Naomba chumvi, ndipo mchere unkabwera. Naomba kijiko, supuni n'kufika m'manja mwanga. Tafadhali funga mlango, Anti n'kupita kukatseka chitseko, n'kuchitsekulanso kuti ndipemphenso. Ndikafupikitsa n'kungoti "Lete maji", ankayang'ana kumbali ngati sanamve, mpaka nditanena zonse mwadongosolo: naomba uniletee maji. Ndikawaponda mwangozi ndinkayenera kunena samahani. M'mawa ndinkati shikamoo, iwo n'kuyankha marahaba atandigwira pamutu.

Masabata amenewo ndinkaweruka ndi liwiro. Sindinkaimanso pa mlatho kuponya miyala m'madzi ndi anzanga. Kusukulu anyamata ankandizungulira nthawi ya buleki kuti ndiwalankhulire, ndipo mmodzi anandipatsa theka la chigumu kuti ndimuphunzitse kupempha supuni. Ngakhale mbuzi ya aneba ndinkaiuza tafadhali, ndiko kuti chonde, ndisanaithamangitse pakhonde. Koma chokoma koposa chinali naomba chai. Ndikatero Anti ankakoleza moto ndi tizidutswa ta paini, n'kutulutsa m'chikwama mwawo timbewu tobiriwira totchedwa iliki. Ankatiphwanya ndi botolo n'kutiponya m'poto pamodzi ndi masamba a tiyi. Nyumba yonse inkanunkhira, ndipo iwo ankaimba motsitsa mawu akuvundula.

Tsiku lina matemba anatha msanga, amayi n'kutipeza tili choncho.

"Iwe Dalitso, ukutuma alamu anga?" anatero. "Amalume ako akamva ati tikuwasunga bwanji?"

Analanda poto m'manja mwa Anti akupepesa mobwerezabwereza kuti mwanayu alibe mwambo, nawakhazikanso pa mpando wa khushoni. Kope langa analiika pamwamba pa kabati. Kuyambira tsiku limenelo Anti sanasekenso. Ankakhala pakhonde kuyang'ana phiri, tiyi wa amayi akuzizira m'kapu yamaluwa.

Lachinayi la sabata yotsatira anandigwira dzanja n'kupita nane kwa Che Bwanali, telala wachiyao amene ankasoka pakhonde la golosale. Paunyamata wawo anagwirako ntchito ku Tanzania, ndipo Anti anali atawamva tsiku lina akuwerenga ndalama m'Chiswahili. Analankhulana nthawi yaitali, makina ataima. Kenaka Che Bwanali anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Antiwa akufunsa za basi ya ku Karonga," anatero. "Akuti anyamuka Loweruka, sadikira amalume ako."

Ndinafunsa chimene tinawalakwira.

"Akuti m'nyumba mwanu iwo ali ngati kabati. Masabata asanu, wamkulu aliyense osawapempha ngakhale mchere. Kwawoko mlamu akakukaniza poto wake ndiye kuti sakukufuna. Kawauze amayi ako, usachotsepo kanthu."

Ndinathamanga mpaka kumsika. Amayi anamvetsera atagwira mbale yopimira matemba, osalabadira wogula wina mpaka anatopa n'kuchoka. "Ine ndimati ndikuwalemekeza," anatero. Patapita kanthawi anafunsa ngati mawu a Chiswahili aja ndinkawakumbukirabe.

Lachisanu sindinapite kusukulu. Amayi anati ndiwaperekeze kunkhuni m'phiri, kumene Anti sakanatimva, ndipo kope anabisa m'chitenje. Tinakwera chifunga chisanachoke. Njira inali yoterera ndi masamba a paini, timitsinje tikulira m'munsi mwa miyala, anyani akutiyang'ana ali pazitsa. Tinapatukira amuna otsika ndi njinga zosenza nkhuni mpaka kupitirira mutu. Lero mphunzitsi ndinali ine, wophunzira anali amayi.

Sanali wophunzira wofewa. Lilime linkawakana, ndipo ndikaseka ankandiopseza ndi kamtengo. Atamva tanthauzo la unisaidie, kuti ndi undithandize, anaima. "Ndiwauze alamu anga ngati mwana? Ulemu wake uli pati?" Ndinawauza kuti ulemu wonse uli mu naomba momwemo, monga Anti anandiphunzitsira. Anapukusa mutu, koma anapitiriza. Ankapempha mitengo, ankapempha chikwanje, ankapempha mtolo pamene ankaumanga. Amayi ena otola nkhuni anaseka mpaka kukhala pansi, n'kufunsa ngati alowa mpingo watsopano. Potsika, tauni yonse ili pansi pathu ndi nyanja ya Chilwa ikuyera patali, ndinkamva kumbuyo kwanga mawu aja akutuluka pansi pa mtolo, phazi lililonse liwu limodzi.

Loweruka m'mawa Anti anatuluka kuchipinda atavala nsapato, chikwama chili m'manja. Amayi anali ataima pa mbaula ndi poto wopanda kanthu. Anandiyang'ana, ine n'kunong'oneza liwu loyamba.

"Alamu," anatero amayi, "naomba unisaidie. Naomba chai."

Anapereka potoyo ndi manja awiri. Anti anayang'ana poto, nayang'ana amayi. Kenaka anaika chikwama pansi, navula nsapato, nalandira. Anasuzumira m'kabati n'kutembenuka. "Naomba sukari," anatero, ndipo amayi, amene sindinawaonepo akutumidwa ndi munthu, anathamangira kwa aneba ndi kapu. M'mawa umenewo Anti anatituma tonse, ngakhale abambo anawapempha kuti asuntheko pamoto. Tinamwa tiyi wa iliki mpaka poto anauma, iwo akumwera m'kapu yapulasitiki ngati ife.

Amalume atabwera patatha masabata awiri, anapeza akazi awiriwo akukangana za kaphikidwe ka mpunga, wina m'Chichewa wina m'Chiswahili. Nyumba anaipeza ku Mtiya, ndipo Anti anakhala ku Zomba zaka zambiri.

Panthawiyo ndinkakhulupirira kuti amene anawabweza ndine, ndi mawu a m'kope langa, ndipo kusukulu ndinanena choncho kwa aliyense. Lero ndimaona kuti Chiswahili cha amayi m'mawa uja chinali chokhotakhota, mwina Anti sanachimve n'komwe chonse. Chimene anamva bwino ndi poto uja, wakuda ndi utsi, amene amayi sankalola munthu wina kumugwira.