Timitolo ta Mpunga Tomwe Ndinaponya M'nyanja

Ndinadandaula koyamba Lolemba la pambuyo pa Idi yaing'ono chaka chatha, m'kalata ya masamba awiri yomwe ndinakapereka ndekha kwa mlembi wa komiti yomwe inasindikiza kabuku ka mbiri ya sikimu yathu ya mpunga. Kalata yachiwiri ndinatumiza mvula itayamba. Yachitatu ndinapereka pamaso pa mboni ziwiri. Makope a zonsezi ndili nawo, pamodzi ndi kabukuko. M'kabukumo akuti mayi wina wamasiye anathira nsembe m'nyanja ataphunzitsidwa ndi Mchaina, ndipo nchifukwa chake chakudya cha timitolo chinatha kuno. Dzina sanalembe, koma kuchokera ku Kanyenda mpaka ku Ngala palibe wachikulire amene sakudziwa kuti akunena mayi anga, malemu a Mwanaisha. Popeza komiti yangoti zii, ndalemba pano zomwe zinachitika kuti aliyense awerenge.

Chimene ndimakumbukira poyamba ndi fungo la masamba a nthochi akuwira mu mphika waukulu kuseri kwa nyumba yathu. Inali nyengo yokolola mpunga, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. M'mawa kunkazizira mpaka milomo kung'ambika. Pabwalo lililonse panali mphasa zoyanikapo mpunga, mankhusu ankatilowa m'makolala n'kumatiyabwa tsiku lonse, ndipo mphepo ya mwera inkawomba masiku atatu kapena anayi osapuma, nyanja n'kuchita kuyera ndi thovu.

Ku sikimu kunali alangizi ochokera ku China omwe ankaphunzitsa alimi kuwokera mpunga m'mizere. Mmodzi wa iwo, bambo wamfupi wa mano otalikirana, tinkamutcha a Chipewa chifukwa cha chipewa chawo chotambalala chomwe sankavula ngakhale kuli mitambo. Mayi anga ankawachapira zovala ndi kuwasesera, ndipo ine ndinkapita nawo ndikaweruka ku madarasa. Chichewa cha a Chipewa chinali chothyokathyoka, koma ankachikakamiza, n'kumamaliza ndi manja pamene mawu awathera.

Chaka cha m'mbuyo mwake, nyengo ngati yomweyo, ndi pamene anaphunzitsa mayi kumanga timitolo. Kwawo amati zongzi, koma lilime lathu linakana. Ankapinda tsamba ngati fanulo, kuthiramo mpunga wonyika, kuika nyemba pakati, kutseka kuti pakhale ngodya zinayi, n'kumanga ndi luzi. Kwawo amakulungira masamba a nsungwi, koma athu kuno ndi aang'ono, motero anagwirizana za nthochi zowaula pamoto. Podziwa kuti ndife Asilamu, a Chipewa anagula mphika watsopano n'kuupereka kwa mayi kuti pasakhale chokayikitsa. Mayi anawonjezamo nsinjiro, nayamba kugulitsa pa siteji kwa anthu okwera basi opita ku Dwangwa. Timitolo tinkakhala tsiku lonse osasasa, ndipo asodzi anatikonda chifukwa munthu amadya ndi dzanja limodzi, lina lili pa nkhafi. Mfundo ya mayi inali yodziwika: ankazunguliza luzi kawiri n'kusiya kamchira koti ukangokoka, tsamba litseguke.

Mbiri yake a Chipewa anandiuza ine, tsiku lina mayi akuyanika malaya panja. Anati kalekale kwawo kunali nduna yomwe inkauza mfumu zoona, mfumu n'kuithamangitsa. Dziko litagwa m'manja mwa adani, ndunayo inadziponya mu mtsinje. Anthu anathamangira m'mabwato kukaifuna, akuimba ng'oma, ndipo atalephera anayamba kuponya mpunga wokulunga m'masamba kuti nsomba zidye mpungawo zileke thupi lake. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse mwezi wachisanu wa kawerengedwe kawo, womwe umagwa nthawi yathu yokolola, amaphika timitolo n'kupikisana kupalasa mabwato. Anati masiku enawa amangogulitsa m'misewu ngati mmene ife tigulitsira zitumbuwa, koma mwana aliyense amadziwa chiyambi chake. Ine ndinangokonda za mabwato opikisana. Za nsombazo ndinazisunga osadziwa kuti ndazisunga.

Bambo anga anali msodzi wa mbedza. Nyengo yokolola ija, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, analowa m'nyanja mwera utagona pang'ono, ndipo unadzuka iwo ali kutali. Bwato linapezeka tsiku lotsatira litagadabuka, mwini wake palibe. Amuna a m'mudzi anayamba kufufuza m'mphepete monse, ena pa mabwato, ena wapansi m'mabango. Wotsogolera anali bambo aakulu, a Mwalimu Jafali, mkulu wawo wa bambo anga, amenenso ankatiphunzitsa ku madarasa. Anali munthu wosaseka kawirikawiri koma wosanama, ndipo masiku amenewo sankadya n'komwe. Nkhawa yawo inali yoti m'bale wawo apezeke, asambitsidwe, avekedwe sanda, apemphereredwe swala ngati Msilamu.

Mayi sankatuluka m'nyumba, koma manja awo anakana kukhala. Amayi oyandikana nawo ankawabweretsera masamba ndi nkhuni, iwo n'kumamanga timitolo ta anthu ofufuza, misozi ikugwera pa luzi. Tsiku lachitatu ndinamva asodzi awiri akulankhula kuseri kwa thandala la usipa, osandiona. Wina anati akachedwa kupezeka, kampango ndi nkhanu sizisiya kanthu koti munthu asambitse. Ndinaima pomwepo. Ndinaganiza za nkhope ya bambo, ndi chipsera cha mbedza chomwe chinali pa chala chawo chachikulu.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera ndithu, ndinatenga timitolo khumi ndi tiwiri m'dengu lomwe linkadikira ofufuza, n'kutikulunga m'malaya. Ndinapita kumwera kwa dooko, kumene kuli miyala, ndinakwera pa mwala wotalikirapo n'kuyamba kuponya kamodzikamodzi ndi mphamvu zanga zonse. Sindinapemphere kwa mzimu uliwonse. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinkadyetsa nsomba kuti zikhute, basi. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi.

Sindinaganizire za mwera. Pofika masana mafunde anali atalavulira timitolo tisanu pa mchenga, pafupi ndi pamene amuna ankakokera mabwato. Bambo aakulu anatitola okha. Anabwera nato kunyumba tikudontha madzi, anthu akuwatsatira, n'kutiika pa mphasa pamaso pa mayi. Mfundo inali ija ya kamchira. Aliyense pamudzi ankadziwa kuti makolo akale ankathira ufa m'nyanja popepesa mizimu munthu akamira, ndipo bambo aakulu anali atatha zaka akulalikira kuti zimenezo ndi shiriki, kumphatikiza Mulungu ndi zina. Tsono anazipeza m'nyumba ya m'bale wawo yemwe, m'bale wawoyo asanaikidwe n'komwe.

Sanakweze mawu. Anafunsa kuti, "Alamu, m'bale wanga mukumupempherera kwa Mulungu kapena kwa nyanja?"

Ine ndinali pa khomo, malaya anga akadali ndi madontho a mafuta a nsinjiro pamimba. Mayi anayang'ana timitolo, kenako anayang'ana malaya angawo, nthawi yaitali ndithu.

"Ndine ndinatuma munthu, alamu," anatero mayi. "Mutu sunali bwino. Mundikhululukire."

Anafunsidwa kuti anatuma ndani, iwo anati zimenezo n'zawo. Wina kumbuyo anati nzeru zimenezi n'za Mchaina uja, ndipo mawuwo anayenda mudzi wonse lisanalowe dzuwa. A Chipewa atabwera kudzapepesa maliro atanyamula thumba la mpunga, palibe anawapatsa mpando. Anaima pang'ono, chipewa chili m'manja, n'kubwerera. Aka kanali koyamba kuona mutu wawo.

Bambo anapezeka tsiku lachisanu m'mabango cha ku Ngala. Ana sitinaloledwe kuona, koma ndinamva mmodzi wa osambitsa akuuza mnzake kuti Mulungu ndi wamkulu, nsomba sizinawakhudze. Ndikunena mosabisa kuti ndinanyada. Pakati pa maliro a bambo anga ine ndinali ndi chimwemwe chobisika, ndipo ndinaganiza kuti mayi akhala akunyozedwa masiku ochepa chabe pa chinthu chomwe chathandiza.

Sanali masiku ochepa. Atatha miyezi yomwe mkazi wamasiye wa Chisilamu amakhala m'nyumba, mayi anaphika timitolo n'kupita nato pa siteji, ndipo anabwera nato tonse. Amayi anzawo ankati ndani angadye chakudya cha nsembe. Ana ku madarasa ankanditcha mwana wa a Nyanja. Kwa a Chipewa sanabwerereko, ndipo mphika uja unasanduka wotungira madzi. Mvula isanagwe tinasamukira kwa amalume ku Kanyenda, kumene mayi anakhala zaka zawo zotsala akulima chinangwa. Sanandifunsepo za tsiku limene lija, ngakhale kamodzi. Inenso sindinanene, ndipo bambo aakulu anamwalira akukhulupirira kuti mlamu wawo anapembedza madzi.

Ndili mwana ndinkati ndinapulumutsa bambo, ndipo mayi anangolipira kamtengo kochepa. Lero ndikudziwa kuti madzi a mwezi umenewo ndi ozizira, ndipo thupi limachedwa kuwonongeka kaya munthu waponya mpunga kaya ayi. Ndikudziwanso kuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akanakwapulidwa kawiri katatu, nkhani n'kuthera pompo. Mayi anadziwa zimenezi kuposa ine. Koma anali atangotaya mwamuna, ndipo sanafune kuona mwana wawo ataimikidwa pakati pa bwalo sabata lomwelo. A Chipewa sanaphunzitse munthu nsembe. Anauza mwana chifukwa chimene anthu akwawo amakulungira mpunga m'masamba, monga mmene ifenso timauzira ana athu chiyambi cha zakudya zathu.

Choncho ndikupempha komiti, mwaulemu koma kachinayi tsopano, kuti ichotse mawu akuti mayi wamasiye anathira nsembe, ndipo ilembe m'malo mwake kuti amene anaponya timitolo m'nyanja anali mwana wawo Yusufu, mwa nzeru zake yekha, mayi ake osadziwa. Ndikupemphanso kuti kukonzaku kuwerengedwe mokweza pa msonkhano wa alimi, pakuti ambiri mwa amene anakana kugula kwa mayi anga sawerenga, ndipo ena akadali moyo. Yankho ndikulifuna lolembedwa, losainidwa ndi wapampando, mpunga wa chaka chino usanakololedwe.