Ndinalephera ndi 65, Ndinakhoza ndi 50

Kalata ya zotsatira za semesita yanga yoyamba ku koleji inadzera m'bokosi la sukulu ya pulayimale ya kwathu, poti banja lathu linalibe bokosi ku positi. Aphunzitsi aakulu anaibweretsa okha panjinga, ndipo anatipeza ine ndi bambo tikukumba kachewere kumunda wa kuseri kwa tchalitchi. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuitsegula.

Makosi anali asanu ndi imodzi. Asanuwo ndinakhoza. Pa masamu, kosi imene ndinkaikonda kuposa onse, panalembedwa 65, ndipo pambali pake panali chilembo F. Ndinakweza maso pamzere wa pamwamba. Pamenepo ndinapeza 54, chilembo chake C. Ndinabwerera pa 65 paja. F anali pomwepo.

"Yati bwanji?" anafunsa bambo atatsamira khasu.

"Ndakhoza, bambo. Koma akuti ndalephera."

"Tanena chimodzi, mwanawe."

Bambo anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni ine ndisanabadwe. Sukulu sanapite nayo patali, koma manambala ankawadziwa, ndipo sankakonda pepala lolankhula pawiri. Anandilanda kalatayo n'kuwapatsa aphunzitsi aakulu. Iwo anavala magalasi, nayendetsa chala pang'onopang'ono.

"Musadandaule, achimwene," anatero. "Taonani apa. Pa masamu alemba makirediti anayi. Pa makosi enawa alemba atatu, pena awiri. Kirediti mukuidziwa, ndi kukhoza bwino kuja kwa ku Folomu 4. Mwana amene wapeza makirediti anayi pa phunziro limodzi angalephere bwanji? F ameneyu wotaipa walakwitsa."

Bambo anakhutira. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anauza anzawo kuti mwana wawo watenga makirediti anayi pa masamu okha. Ine ndinkafuna kuwakhulupirira, koma panali china chimene sindinawauze.

Sabata yoyamba ya semesitayo, alekichala a masamu anatigawira pepala la malamulo. Anati malikisi 40 achokera ku kontinyuwasi, kutanthauza asayimenti ndi tesiti za m'kati mwa semesita, ndipo 60 achokera ku mayeso omaliza. Anapitirira kunena zambiri m'Chingerezi chothamanga, ine n'kumangogwedeza mutu ngati anzanga. Pepalalo ndinalipinda n'kuliika m'Baibulo. Kusekondale tinkalemba matesiti osawerengeka, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inatilondola mpaka pa satifiketi. Tinkadziwa kuti tsiku la mlandu ndi limodzi, lakumapeto.

Pakati pa semesita kunabwera uthenga kuti amayi agonekedwa ku chipatala cha mishoni ku Nzama, chibayo chawagwira. Mwana wamkazi m'banja mwathu ndine ndekha. Ndinakwera basi tsiku lomwelo, ndipo ndinakhala masiku asanu ndi anayi ndikuwaphikira phala, kuwasambitsa ndi kuchapa. Nditabwerera, mnzanga wa chipinda chimodzi anandiuza kuti tesiti ya masamu yalembedwa ine kulibe. Ndinafika mpaka pakhomo la ofesi ya alekichala, koma manyazi anandigwira, osagogoda. Ndinadziuza kuti ndi tesiti chabe, ndidzabwezera pa mayeso. Ndipo mayesowo ndinawalembadi bwino.

Tsiku la msika tinapita ndi kachewere ku Lizulu. Ndinawasiya bambo pa matumba n'kulowa m'kanyumba koimbira foni. Ku ofesi ya koleji kunayankha mayi wina wa mawu otopa. Ndinatchula nambala yanga, ndipo ndinamva akutembenuza mapepala.

"Asayimenti munapeza 14. Tesiti simunalembe. Ndiye kontinyuwasi yanu ndi 14 pa 40. Simunafike theka."

"Koma mayeso ndinakhoza, mayi."

"Munakhozadi, 51 pa 60. Koma lamulo likuti muzikhoza mbali zonse ziwiri, iliyonse payokha."

"Nanga 65 ija?"

"65 ndi yanu, palibe wakulandani. Kungoti sikuwerengedwa."

Panja lole inali kuliza hutala, ndipo anyamata ankakuwa mitengo ya kabichi. Ndinatseka khutu linalo ndi chala. Ndinafunsa za makirediti anayi aja.

"Amenewo si anu. Ndi a kosi. Ndi kulemera kwake. Mukanakhoza akanakhala anu. Panopa ndi amene akukokera avereji yanu pansi, chifukwa F wa kosi yolemera amapweteka kuposa F wa kosi yopepuka. Ndipo popanda iwowo simungalowe masamu a semesita yachiwiri."

Ndinafunsa ngati ndingalembe sapu, mayeso obwereza aja. Anati sapu ndi ya amene alephera mayeso, ine mayeso sindinalephere. Ndinafunsa kuti nanga nditani. Anati ngati panali chifukwa chomveka ndibweretse kalata, komiti ikaone. Foni inaduka ndisanafunse kuti kalata yochokera kwa yani.

Pobwerera kunyumba ndinawafotokozera bambo zonse, ndi za tesiti zomwe. Ndinafotokoza kawiri, chifukwa koyamba ndinasokonezeka ndekha pa nkhani ya kulemera.

"Kumgodi," anatero bambo, "ukajomba shifiti tikiti yako ya malipiro siidzadza, ngakhale tsiku lomaliza uswe mwala wa anthu atatu. Zimenezo ndazimva. Koma kumgodi ukadwala dokotala amasaina. Bwanji sunanene kalekale?"

"Ndinkaona ngati n'zazing'ono."

"Mawa tipita ku Nzama."

Kuchipatalako tinakumana ndi asisitere amene ankayang'anira wodi ya amayi. Anatsegula kaundula, napeza dzina la amayi, tsiku lolowa ndi lotuluka. Langa munalibe. Anati odikirira odwala salembedwa paliponse. Anandiyang'anitsitsa, kenaka anati, "Si iwe unkachapa pa mpopi uku ukuwerenga buku, utalitsamiritsa pa mwala?" Analemba kalata ya mizere isanu n'kudinda chidindo.

Ndinkaganiza kuti ndipita ndekha, koma bambo anatulutsa jekete lawo lakuda la ku Joni, limene ankavala pa maukwati ndi pa maliro basi. Bambo anawauza amayi kuti akungopita kukaona kumene mwana amagona. Sanafune kuti amayi adziwe kuti matenda awo alowa m'nkhaniyi.

Alekichala anatilandira bwino, nawapatsa bambo mpando. Anali munthu wachinyamata, wosakwana ndi msinkhu wa achimwene anga aakulu. Anawerenga kalata ya asisitere, kenaka anatulutsa kabuku ka malamulo m'dirowa.

"Vuto lilipo pawiri, bambo. Kalata yotere imayenera kufika pasanathe sabata chilembereni tesiti. Chachiwiri, lamulo likutchula zifukwa ziwiri zokha: wophunzira mwiniyo akadwala, kapena kholo lake likamwalira."

Bambo anandiyang'ana kuti ndiwatsimikizire ngati amva bwino. Ndinagwedeza mutu.

"Pepani aphunzitsi, ine sukulu sindinapite," anatero. "Mukuti amayi ake akanamwalira, mwanayu akanakhoza?"

Alekichala anatembenuza tsamba la kabuku kaja ngati kuti kuseri kuli yankho. "Sindikunena choncho," anatero.

"Nanga buku likunena chiyani?"

"Buku... buku likunena choncho."

Kenaka alekichala anatembenukira kwa ine. Anati pepala langa la mayeso ankalikumbukira, ndipo pamene ankaphatikiza malikisi anadabwa kuona mpata pa tesiti. Anandidikira kuti ndibwera kudzafotokoza, ine osabwera. "Lamulo la kontinyuwasi silinaikidwe kuti likole anthu ngati inu," anatero. "Linaikidwa kuti munthu asamagone miyezi itatu n'kudzaloweza za mayeso sabata imodzi. Koma likakola, silifunsa." Analonjeza kuti akaipereka nkhaniyo ku komiti, ngakhale sankadziwa kuti ikatha bwanji.

M'basi pobwerera bambo anandifunsa ngati tapambana. Ndinati sindikudziwa. Anati nawonso sakudziwa, koma mnyamatayo ali ndi ulemu.

Yankho linabwera sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa. Komiti inalola kuti ndilembe tesiti ina m'malo mwa ija. Ndinailemba ndili ndekha m'kalasi, alekichala atakhala kutsogolo akuchonga mapepala ena, ndipo ndinapeza 17 pa 20. Ndinaphatikiza pachikhatho ndi bolopeni: 14, 17 ndi 51. Zinakwana 82. Ndinatuluka ndikumwetulira ndekha.

Pepala latsopano litatuluka, pa masamu panali 50, pambali pake C. Ndinathamangira kwa mayi a ku ofesi aja, amene tsopano ndinawaona maso ndi maso. Anandiuza mosakweza mutu kuti aliyense wopatsidwa mwayi wachiwiri amalembedwa malikisi okhozera basi, kaya apeze angati. Makirediti anayi aja tsopano anali anga. Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana mapepala awiriwo, lakale m'dzanja lamanzere, latsopano m'dzanja lamanja. Pa limodzi ndinali ndi 65 ndipo ndinalephera. Pa linalo ndinali ndi 50 ndipo ndinakhoza. 82 sinalembedwe paliponse kupatula pachikhatho, ndipo madzulo ake inachoka ndi sopo.

Kuyambira pamenepo sindinajombenso tesiti. Kabuku ka malamulo ndinakawerenga mpaka kukaloweza, ndipo anzanga ankabwera kwa ine kuti ndiwawerengere avereji. Kuwerengerako ndinkatha. Wina akafunsa kuti chifukwa chiyani zili choncho, ndinkangoti ndi mmene alembera.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti lamulolo lifika mpaka kumudzi. Nditabwera ku holide yotsatira, amayi ananditenga dzanja ndisanatule n'chikwama chomwe, nanditsogolera kunyumba ya azakhali, alongo awo a bambo, amene anandilera ndili wakhanda pamene amayi ankadwaladwala. Chitseko chinali chotseka ndi waya. Azakhaliwo anamwalira masabata atatu m'mbuyomo, ndipo anaikidwa ine osadziwa kanthu.

Ndinalira, kenaka ndinapita kwa bambo, amene anakhala pakhonde akusongola mpini.

"Bwanji simunatumize uthenga?"

Sanandiyang'ane. "Tinakambirana ndi aphunzitsi aakulu," anatero. "Sitinadziwe ngati sabata imeneyo inali ya kontinyuwasi kapena ayi. Ndipo buku lija linati kholo. Azakhali silinawatchule."

Ndinafuna kuwauza kuti sabata imeneyo kunalibe tesiti iliyonse, kuti ndikanabwera n'kubwerera popanda kutaya kanthu. Ndinangofunsa kuti manda ali mbali iti, ndipo anadzuka kuti andiperekeze.