Zigwinjiri za Agogo pa Leilau ya ku Cuamba

Fungo la mandimu osakaniza ndi phulusa limandibwezera pakhonde la nyumba yathu ya ku Cuamba, kuseri kwa njanji, m'chilimwe chimene achemwali anga Ameliya anakhoza mayeso. Kunkatentha moti malata ankathetheka okha masana, ndipo ntchentche zinkazungulira mango oyamba kugwa pabwalo. Ine ndinali kamtsikana ka pulayimale, kosakonda nsapato. Bambo ankagwira ntchito yokonza njanji, ndipo madzulo ankabwera akununkha girisi ndi dzimbiri.

Ameliya anaitanidwa ku sukulu ya unamwino ku Nampula. Tsiku limene uthenga unafika amayi analulutira mpaka anansi anabwera kudzafunsa. Kutacha, m'nyumba munazizira. Sukulu inkafuna yunifomu, nsapato zoyera, mabuku ndi malo ogona, pamene malipiro a bambo ankatha mwezi usanafike pakati. Bambo anatenga njinga yawo kupita nayo kumsika, koma anabwerera nayo chifukwa mtengo umene anthu ankatchula unali wa mbuzi yowonda. Ameliya anangoleka kutchula za Nampula. Anayamba kudzuka m'mawa kukathandiza mayi wina kugulitsa mandasi pasiteshoni sitima ya pamtunda, imene tinkaitcha komboyo, ikafika.

Masiku omwewo kunabwera amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, amene ankakhala kumudzi ku Ngauma. Anadzera ku Mandimba pa shapa, kaminibasi konyamula anthu, ndipo anafika fumbi lofiira lili m'nsidze. Atamwa madzi anamasula kapulana, chitenje chawo cha m'chiuno, n'kutulutsa chitini chakale cha mkaka, chadzimbiri. M'kati mwake munali zigwinjiri zolemera za siliva, chipini cha pamphuno chokhala ndi kamwala kofiira, ndi mkanda wa ndalama zakalekale zobooledwa. Zonse zinali zakuda ngati kunsi kwa mphika.

Zinthuzo zinali za agogo, mayi wa awiriwo, amene ine sindinawaone. Nkhondo itafika kumudzi, agogo anakwirira chitinicho pafupi ndi chulu cha m'munda, banja lonse n'kuthawira ku Malawi. Iwo anamwalirira kumsasa wa othawa kwawo. Amayi aakulu atabwerera anapeza munda utasanduka tchire, ndipo chitinicho anachifukula ndi khasu patapita nyengo zingapo akulima. Tsopano anali atamva kuti ku Cuamba kukhala leilau, malonda aja amene katundu amapita kwa wotchula mtengo waukulu.

Amayi anakana zoti zinthuzo zikagulitsidwe. Anakangana m'Chiyao, chimene ine ndinkachimva mwa apo ndi apo, kenaka anabwerera ku Chinyanja.

"Achemwali, izi ndi zokhazo zimene amayi athu anasiya," anatero amayi.

"Anasiyanso iwe ndi ine," anayankha amayi aakulu. "Mwana uyu akakalambira pamandasi, chitini chidzamuthandiza chiyani?"

Ameliya anali pakhomo la khitchini atazyolika. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandituma kukathyola mandimu kuseri kwa bafa.

Sabata imeneyo tinaithera pamkeka, tikupukuta. Tinkafinyira ndimu m'phulusa losefa, n'kumakwecha ndi kansanza mpaka zala kuwawa. Pang'ono ndi pang'ono kuda kunachoka, ndipo pazigwinjiri panaoneka timizere ndi timaluwa tosemedwa, tating'ono ngati mapazi a nyerere. Pandalama za mkanda panatuluka nkhope za mafumu osadziwika, zina zitafufutika ndi thukuta la pakhosi. Lachisanu madzulo amayi anavala zonse, kupatula chipini chifukwa m'nyumba mwathu munalibe woboola mphuno. Anaimba nyimbo ya ukwati ya kwawo, amayi aakulu akuwomba m'manja, zigwinjiri zikuti ngwi ngwi ngwi. Bambo, amene kuvina kunali kutali nawo, anavina pang'ono atagwira chipewa. Nanenso anandiveka chigwinjiri chimodzi, koma chinkangovuka ndikatsitsa dzanja.

Leilau inachitikira kuseri kwa sitolo yakale ya mmwenye wina amene anali atamwalira. Ana ake ankagulitsa katundu wa m'nyumba, ndipo analola ena kubweretsa zawo. Pansi pa mtengo wa nsangu anayala mawotchi a pakhoma, mipando yosemedwa, mbale za maluwa abuluu, ziboliboli za phingo, ndi galamafoni yokhala ndi lipenga ngati duwa la dzungu. Panali magalimoto a ku Nampula ndi a kutali, ndi anthu amene ankatembenuza mbale kuti aone kunsi kwake. Pageti tinakumana ndi bambo wina wonyamula kasikelo kam'thumba. Anati atipatsa ndalama pompopompo malinga ndi kulemera kwa siliva, poti iye amasungunula n'kupanga mphete zatsopano.

"Si fodya uyu woti mumuyeze pasikelo," anatero amayi aakulu, n'kumudutsa.

Zathu zinafika dzuwa litapendeka, anthu atatopa. Woyendetsa malonda anazikweza m'mwamba n'kunena m'Chipwitikizi kuti ndi siliva wakale, basi. Anthu anangoyang'ana. Dzanja limene linakwera linali la bambo wa sikelo uja yekha, ndipo mtengo wake sukanafikitsa Ameliya ngakhale pasiteshoni yapafupi ya Lúrio.

Pamenepo amayi anaimirira. Amayi anali munthu wamanyazi, woti ngakhale kumsika ankatsitsa mawu. Koma tsiku limenelo analankhula mokweza, akusakaniza Chipwitikizi chawo chothyoka ndi Chinyanja ndi Chiyao. Ananena kuti zigwinjirizo zinachokera kugombe la nyanja ya mchere ndi amalonda oyenda pansi, ndipo agogo anazilandira kwa amayi awo. Ananena kuti akwati ambiri a kumudzi ankazibwereka pa tsiku lawo. Ananenanso za chulu chija, ndi zaka zimene zinagona m'nthaka eni ake ali kuchilendo. Pomaliza analoza Ameliya, n'kuti mwana uyo akufuna kukaphunzira kuchiza anthu.

Kenaka mayi wina wovala magalasi, amene tinamva kuti ali ndi sitolo ya zinthu zakale kugombe, anakweza dzanja. Gogo wina wa chisoti choyera, wa ku Mandimba, anakwezanso lake, akunena chapansipansi kuti amayi ake anali ndi chipini chonga chimenecho. Awiriwo anapikisana, woyendetsa malonda akufuula mpaka mawu kusasa. Bambo wa sikelo anapinda manja n'kubwerera kumbuyo. Nyundo itagunda tebulo, zinthuzo zinapita kwa mayi wa magalasi. Iye anabwera pamene tinakhala, anagwada pang'ono, n'kufunsa dzina la agogo. Analibwereza mpaka analitchula bwino, ndipo anati aliyense wofunsa za zigwinjirizo adzamuuza kuti zinali za ndani.

Pobwerera ine ndinalira njira yonse. Ndinkaona ngati tapukuta sabata yathunthu kuti tikongoletse mlendo. Amayi aakulu anandigulira mzimbe kuti nditonthole, ndipo ndinaudya ndikusisima.

Mvula yoyamba itagwa, tinaperekeza Ameliya kusiteshoni m'mamawa. Anali ndi sutikesi yatsopano ndi nsapato zoyera zokulunga m'pepala. Anzake a mandasi anamupatsa phukusi laulere kudzera pawindo. Komboyo itayamba kuyenda, amayi anagwira mtengo wa magetsi n'kulira mosabisa, uku akuseka, misozi ikulowa m'kamwa. Ine ndinaganiza kuti akulira zigwinjiri, ndipo ndinawamvera chisoni poona manja awo opanda kanthu.

Lero Ameliya ndi mzamba, ndipo ana ambiri a kumidzi ya ku Lúrio anafikira m'manja mwake. Ine ndakula, ndaperekezapo ana anga, ndipo misozi ya tsiku lija ndimaimva mwanjira ina. M'banja la amayi, aliyense amene anachokapo pakhomo kupita kutali anachoka akuthawa, katundu ali pamutu, osatsanzika. Ameliya anali woyamba kuchoka kukuwala, tikiti ili m'manja, akudziwa kumene akupita ndiponso kuti pa tchuthi adzabwera.