Dokotala wa Tizilombo M'munda wa Eni

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba ku Ongar, kuno kudziko la azungu, ndili ndi zaka naini, nyumba zake zikadanunkha penti. Kuseri kwa mafuleti athu msewu unkathera pa mpanda wa minga, ndipo kupitirira mpandawo kunali munda wa tirigu wofika pomwe maso alekezera. Anthu ena ankaudutsa osaucheukira n'komwe. Adadi anga ayi. Iwo anakulira ku Tsangano, komwe anthu amalima tirigu m'mapiri, ndiye ankaima pawindo kuuyang'ana mundawo ngati ndi wawo.

Mapepala athu okhalira m'dziko muno anali atangotuluka kumene. Amami ankatikumbutsa m'mawa uliwonse kuti tikangopalamula kanthu, apolisi atilanda mapepalawo n'kutikweza ndege.

Chinasokoneza adadi ndi foni ya mnzawo wina amene ankagwira ntchito pafamu ku Canada. Iye anawauza za kachilombo kouluka komwe kamaikira dzira m'phesi la tirigu. Mphutsi yake imadya m'kati ikutsika, ndipo ikafika pansi imacheka phesilo mozungulira ngati ndi sowo. Mphepo ikangowomba, munda wonse umagona. Nkhaniyi inawalowa adadi mpaka pachakudya sankakamba zina.

Loweruka lina kutagwa mvula yamphepo, tinadzuka n'kuona tirigu atagona mbali imodzi ya munda. Adadi anangoti, "Kafika." Anadikira amami apite kuntchito, anatenga kampeni kodulira tomato, n'kundiuza kuti, "Tadala, vala nsapato. Maso ako ndi akuthwa."

Tinakwawa pa kabowo ka mpanda, udzu woyabwa ukundiotcha m'miyendo. M'mundamo munkanunkha dothi lonyowa, matope akumata nsapato mpaka kulemera. Adadi ankadula phesi, kuling'amba pakati, n'kundipatsa kuti ndisuzumire. Mphutsi ng'o. Chomwe tinkapeza ndi tinsabwe tobiriwira titaunjikana pa ngala, tikumata m'zala. Koma iwo sanagwe ulesi, ankangodula.

Tinadzidzimuka ndi galu. Pambuyo pake pankabwera mwini munda, bambo wamkulu wofiira nkhope, atavala majombo, akukalipa. Adadi Chingerezi amachidziwa, cha kusukulu ndi cha kutchalitchi, koma cha bamboyu chinkamveka ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Adadi anabisa kampeni kumbuyo, n'kundinong'oneza kuti, "Akuti chiyani?"

Ine ndinali nditamva bwinobwino. Ankafunsa chomwe tinkachita ndi mpeni m'munda mwake, ndipo anatchula apolisi kawiri. Koma kusukulu aphunzitsi anali atandizolowera kale ngati mwana wa pakamwa poterera.

"Akuti takulandirani," ndinatero. "Akuti akhala akufunafuna munthu wodziwa za tirigu."

Kenako ndinatembenukira kwa bamboyo, n'kumuuza m'Chingerezi cha anzanga a m'kalasi kuti awa ndi dokotala wamkulu wa tizilombo wochokera ku Africa, akufufuza kachilombo katsopano kocheka tirigu, ndipo munda wake wasankhidwa mwamwayi. Bamboyo analeka kukalipa. Anayang'ana tirigu wake wogonayo, anayang'ana adadi, ndipo anavula chipewa.

Tinauzungulira munda umenewo atatu, ine pakati, ndikukometsera uku ndi uku. Bamboyo atanena kuti iye akuganiza kuti ndi mvula chabe komanso kuti anachulutsa feteleza, ine ndinauza adadi kuti akuti nzeru zawo zamugometsa. Adadi atanena kuti kwathu kapuchi wa m'chimanga amamuthira phulusa kapena mchenga pamutu pa mbewu, ine ndinati dokotala ali ndi mankhwala a ufa osowa kwambiri, ochokera kutali. Adadi anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo, kampeni kali poyera, akulozera nako. Nditaona kuti zikuyenda, ndinawonjezapo yangayanga: mwana wa dokotala sanadye chilichonse chidzukireni.

Dyera limenelo ndi lomwe linandigwetsa. Bamboyo anatitengera kukhitchini kwawo, kotentha bwino, konunkhira buledi wongophula kumene. Mkazi wake anandidulira keke yaikulu ngati njerwa. Koma mayiyo ankayankhula Chingerezi chapang'onopang'ono, chomveka liwu lililonse. Atanyamula tiyi anafunsa adadi kuti, "Dokotala, shuga ndithire angati?"

Adadi anacheuka kumbuyo kuti aone dokotalayo. Kumbuyoko kunali firiji. Anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso awo anaima pa ine, keke ili m'kamwa, yosamezeka.

Anaimirira, n'kunena m'Chingerezi chawo cha ulemu chija kuti iwo si dokotala, ndi mlimi chabe amene manja ake akuyabwa kusowa munda, ndipo akupepesa. Mayiyo ndiye anatenga ntchito yanga, kumasulira Chingerezi cha adadi kupita kwa mwamuna wake, cha mwamuna wake kubwerera kwa adadi. Mabodza anga anavulidwa limodzilimodzi. Pofika pa mankhwala a ufa aja, atamva kuti ndi phulusa, bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, akumenya tebulo. Potsanzikana anawauza adadi kuti azibwera, koma azilowera pageti.

Khutu langa linafika kunyumba lili m'dzanja la adadi. Amami atamva nkhaniyo anakhala pansi, kuyamba kutikalipira tonse awiri, koma pakati pa kukalipako anathawira kubafa. Tinkawamva akuseka madzi akutuluka pampopi.

Munda uja lero kulibe, panamangidwa nyumba. Ine ndimagwira ntchito kumalo ofufuza za mbewu, komwe timatchera nsabwe za m'minda ya tirigu ndi balele n'kumaona matenda omwe zimafalitsa. Alimi a masiku ano sadikira munthu wokwawa pampanda, amangojambula phesi pafoni n'kutitumizira. Kachilombo ka sowo kaja ndimangokawerenga m'malipoti a kunja.

Chomwe chatembenuka kwambiri ndi m'nyumba mwathu momwe. Mwana wanga Chichewa amachimva mwa apo ndi apo, ndiye agogo ake akamuuza zinthu zazitali amandiyang'ana ine kuti ndimasulire. Ndikangotsegula pakamwa, adadi amasendeza mpando, kutchera khutu, n'kukweza chala.

"Unene zomwe ndanenazo, Tadala. Usathiremo mchere."