Njinga Yokhala ndi Kaliyala

Atelala njinga ankaidziwira kumbuyo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anakhala pakaliyala, miyendo mbali imodzi, dzanja lina litagwira malaya a amuna awo, linalo litakumbatira mtolo wa mayunifolomu omwe ankasokera ana asukulu. Amuna awowo, kalipentala waluso koma wouma mutu, ankapalasa akuimba mluzu ngati msewu wonse ndi wawo. Masiku amenewo Atelala ankawasowa kwambiri, ngakhale sankauza munthu.

Ndiye kunabwera matenda aja opha ziwalo. Mwendo ndi mkono wakumanzere wa bamboyo zinangoti lende, ndipo njinga yawo yakuda inagulitsidwa sabata yomwe anagonekedwa. Adokotala sanabise mawu: Akalipentala azibwera kawiri pa sabata kudzawongola mwendo, akamajomba mwendowo uuma ndipo sadzayendanso. Mwezi woyamba anajomba katatu. Chipatala chinali pamwamba pa chitunda, ndipo m'minibasi ankachita kuwanyamula ngati thumba. Bamboyo ankabwerako atatupa ndi mkwiyo, chakudya osachiyang'ana.

Atelala anaganiza zogula njinga yamagiya, ija yamatayala onenepa yokwerera mapiri, kuti aziwakweza okha. Kupalasa anaphunzira ali mtsikana pa njinga ya achimwene awo, ndipo miyendo yomwe yaponda makina osokera moyo wonse sinali yoidera nkhawa. Vuto linali m'chitini cha mabatani momwe ankasungira ndalama. Zinalimo zochepa zomvetsa chisoni.

Kwa masabata awiri anazungulira mashopu ndi misika. Zatsopano ankangozionera pawindo. Zogwirapo kale ntchito nazo mitengo yake inali yothamangitsa munthu, komanso zonse zinali zopanda kaliyala. Ogulitsa ankatama magiya, mabuleki ndi penti, koma iwo ankazungulira kumbuyo kwa njinga n'kufunsa, “Nanga munthu akhala pati?” Ambiri ankangowaseka.

Anakaipeza kuseri kwa mashopu ogulitsa misomali ndi simenti, m'kashedi ka malata ka mkulu wina wokonza njinga. Inali itapachikidwa kudenga, yobiriwira mofwifwa, chishalo chong'ambika, kangaude atamanga nyumba m'masipoko. Koma kumbuyo kwake kunali kaliyala wachitsulo chokhuthala, wochita kuwotcherera.

“Imeneyo ndi yamakedzana, amayi,” anatero mkuluyo akuitsitsa. “Mwini wake ankagulitsira buledi. Achinyamata saifuna, ati ndi yolemera ngati geti. Magiya atatu okha ndiwo amamva, enawo anapuma pantchito.”

“Kwerani mupalase, ine ndikhale kumbuyo,” anatero Atelala.

Mkuluyo anawayang'ana kukamwa kuli yasa. “Wogula ndi amene amapalasa, amayi.”

“Wogula ndine, koma wokhala apa ndi wodwala. Tiyeni.”

Anatsika ndi kamsewu ka miyala, mkuluyo kutsogolo, Atelala kumbuyo atatsinzina. Kulira kwa tcheni ndi mphepo ya m'makutu zinawabwezera kutali, m'mawa wina ali ndi mwana woyamba kumsana, amuna awo akulonjeza nyumba ya mawindo agalasi yomwe mpaka pano sinamangidwe. Misozi inalengeza, koma ntchito yomwe anabwerera sanaiiwale. Atatsika anati, “Tayala lakumbuyo likuvina, masipoko amasuka. Kaliyalayu wapendekera kumanzere.”

Mkuluyo anagwada, n'kugwira apa ndi apo, kenako anapukusa mutu. “Kodi mumakonza njinga inu?”

“Ayi, ndimangokwera.”

Atelala atamasula kansalu komwe anamangamo ndalama zija, mkuluyo anakanda m'mutu nthawi yaitali. Kenako anati amanga masipoko ndi kuwongola kaliyala, koma matayala ndi chishalo atenge momwe ziliri, asabwerenso kudzadandaula. Chishalocho Atelala anachikuta okha ndi zidutswa za yunifolomu, n'kusokanso kapilo ka pakaliyala. Masiku anayi anayeserera kuseri kwa nyumba atamangirira thumba la mchenga pakaliyala, ndipo anagwa kawiri.

Lachisanu m'mawa Akalipentala anakana. “Ine kukwezedwa ndi mkazi, anthu akuona? Adzati chiyani?”

“Anthuwo akupatsani mwendo wina, bambo?”

Bamboyo anang'ung'udza, komabe anakhala, dzanja labwino lija litagwira lamba yemwe mkazi wawo anamanga m'chiuno. Pachitunda Atelala anatsitsa giya monga anawaonetsera mkulu uja. Njinga inakwawa pang'onopang'ono moti mayi wina wosenza mtolo anawapitirira, koma sinaime. Thukuta linkalowa m'maso, mtima ukugunda mpaka m'makutu, ndipo ankaopa chinthu chimodzi chokha, kuti akaponda pansi bamboyo sadzavomeranso kukwera.

Atafika pamwamba, geti la chipatala likuoneka, kumbuyo kunali zii. Atelala anaganiza kuti amuna awo akwiya. Tayala litagunda kadzenje, anamva mawu apansipansi.

“Amayi, kodi kumbuyo kuno kumapweteka chonchi?”

“Eya, makamaka pamiyala.”

“Ndiye zaka zonsezi simunanenepo bwanji?”

Atelala anapalasa kawiri katatu asanayankhe.

“Ndikananena, mukanayamba kundisiya kunyumba.”

Dzanja lija linasiya lamba n'kuwagwira m'chiuno. Analowa pageti mzere wa odwala usanatalike.