Dzina Lachitatu la Mwana Wanga

Ndinanyamuka pa Chitimba Lachiwiri cha m'ma 6 koloko m'mawa, nditanyamula kachikwama ndi jumbo ya usipa wouma wokapatsa alamu anga ku Mwazisi. M'kachikwamamo munali envelopu imene amuna anga, a Gondwe, anaimata okha. Mkati mwake munali dzina latsopano la mwana wathu wamkazi, lachitatu.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndinabwera ndi ntchito ya unamwino, n'kukwatiwa m'banja la anthu ophunzira. Kwa apongozi anga khoma la pabalaza silioneka, ladzaza zithunzi za anthu ovala mikanjo ya ku yunivesite. Mwana wathu Takondwa atalemba mayeso a Sitandade 8 koyamba, anasankhidwira ku sekondale yoyendera. Ine ndinalulutira, koma ndinalulutira ndekha. Apongozi aamuna anavula magalasi n'kunena kuti m'banja mwawo palibe anaphunzirapo sukulu yoyendera, mwanayo abwereze mpaka apeze yogonera komweko. Poti anthu amati wobwereza samusankha msanga, mwana amamutumiza kusukulu yakutali n'kukamulembetsa dzina lina, aoneke ngati akulemba koyamba. Ambiri amatero ndipo sachita nazo manyazi. Takondwa anapita kwa azakhali ake ku Mwazisi, kumeneko anasanduka Lusungu. Zotsatira zitatuluka, inali yoyendera yomweyo. Tsono ine ndinatumidwa kukamutenga kuti akabwerezenso kusukulu ina, pa dzina la mu envelopu.

Minibasi yopita ku Rumphi inandidya K9,000. Kondakitala analumbira kuti mipando ilipo yambiri, ndipo mpando wanga unali chigubu cha mafuta. Pokwera mapiri a Chiweta galimotoyo inatsokomola ngati nkhalamba ya chifuwa. Tinapitirira malole awiri ofa, oyendetsa ake atagona pansi pa matayala, ndipo anyani a m'mbali mwa msewu ankatiyang'ana mosatipatsa ulemu.

Titatsikira m'chigwa cha Henga, cha m'ma 8 koloko, tinaima kuti ena agule nthochi pawindo. Mayi amene ndinapanikizana naye anandinyemera imodzi n'kufunsa kumene ndikupita. Ndinati kwa mwana, wangomaliza Sitandade 8.

“Wakhoza?”

“Wakhoza.”

“Yewo, Chiuta ngwamuwemi!” anatamanda Mulungu m'Chitumbuka. “Wasankhidwira kuti?”

Ndinayamba kufufuza chinthu chimene kunalibe m'chikwama mpaka mayiyo anatembenukira kwina. Ine amene ndinalulutira tsiku lija, lero dzina la sukulu ya mwana wanga linandikanika kutchula kwa munthu wosandidziwa n'komwe. Manyazi a kwa eni ndinali nditawatengera.

Pa boma la Rumphi tinafika 10 koloko itakwana. Ndinagula chimanga chootcha chouma ngati miyala, n'kukwera kagalimoto kakang'ono kopita ku Bolero pa K4,000. Kanapangidwira anthu asanu ndi awiri, ife tinalimo khumi, osawerengera nkhuku. Pa Bolero panalibe china koma njinga yamoto, K8,000 mpaka Mwazisi, ndipo ndinanenerera mpaka kukhosi kuuma osachotserako ngakhale tambala.

Woyendetsa njingayo anali bambo wa imvi zoyamba kumene, wolongolola. Fumbi la mwezi wa Sepitembala likutimenya kumaso, anandifunsa za ulendo wanga, ndipo sindidziwa chimene chinandimasula pakamwa, ndinamuuza zonse.

“Aa, mama, zimenezo ndiye zathu,” anatero akuseka. “Ine ndinalemba kanayi. Dzina lili pa chiphaso changa ndi lachinayi. Ndikamwa pang'ono ndimaiwala kuti amene waledzerayo ndi uti.”

Ndinaseka naye. Tinadutsa zigafa za fodya zopanda kanthu, tinazemba ngolo ya ng'ombe, kenako iye analankhulanso, koma osaseka.

“Adada akamauza alendo za ana awo, amatchula dotolo, amatchula mphunzitsi. Akafika pa ine amatsokomola.”



Ndinafika 2 koloko itadutsa, nsidze zili mbuu. Alamu anga, aNyaGondwe, anandilandira bwino, anayamikira usipa, n'kundiuza kuti mwana ali kudimba akuthirira nazale ya fodya. Sindinadikire madzi osamba. Tinatsetsereka tonse awiri, ndipo ndinamuona chakumbuyo atanyamula makheni awiri. Anali atatalika, mapewa atagwa ngati a munthu wosenza thumba. Panali patatha miyezi isanu ndi itatu ndisanamuone, poti abambo ake ankati kumuyendera kumamusokoneza kuwerenga.

“Takondwa!”

Sanacheuke. Ndinaitananso mokweza, mtunda wake woti ngakhale kunong'ona akanamva. Anapitiriza kuthirira.

“Lusungu!” anaitana alamu. “Amama ŵako ŵafika.”

Pomwepo anatula makheni, anabwera n'kugwada patali ngati ndine mlendo. Ndinamudzutsa, ndinamukumbatira, koma manja ake anangolendewera m'mbali. Alamu atabwerera kunyumba, tinakhala pamzere wa dimba tili awiri.

“Sunamve ndikukuitana?”

“Ndinamva, amama.”

“Nanga bwanji?”

Anatola kamtengo n'kuyamba kukolosa dothi. “Takondwa ndi uja analephera. Aunt anati ndimuiwale, ndikayankha dzina limenelo kusukulu tigwidwa. Ndiye ndinamuiwala.”

“Sunalephere iwe. Unakhoza.”

“Agogo anati kukhoza kotero ndi kulephera.” Ananena mopanda mkwiyo, ngati akundiuza mtengo wa mchere. “Lusungu ndinamulimbikira, amama. Ndinkadzuka nkhuku zisanalire. Koma nayenso ndi mbuli.” Kenako anapukuta dzanja pa siketi n'kulitambasula. “Adada anaimba foni kuti mukubwera ndi lina. Ndipatseni ndiyambiretu kulizolowera.”

Pa ntchito yanga ndaonapo zambiri, ndatsekapo maso a akufa, koma dzanja limenelo linandithyola. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu, wopempha dzina ngati mmene amapemphera sopo. Ndinalira pamaso pake, kulira konyansa kwa mamina, iye akundiyang'ana modabwa.

“Musalire, amama. Mwina ameneyu adzakhala wanzeru.”

Titabwerera kunyumba ndinapeza alamu akukazinga usipa uja. Ndinatulutsa envelopu n'kuiika pamoto osaitsegula, moti mpaka lero dzinalo sindilidziwa. Alamu anagwira pakamwa.

“Mulamu, mukawauza chiyani adada, apongozi anu?”

“Ndikawauza kuti mwanayu akupita ku yoyendera. Akafuna wa pakhoma abereke wina.”

Kenako alamu anandikumbutsa chimene mkwiyo unandiiwalitsa. Malo a ku sekondale analembedwa dzina la Lusungu. Malo a Takondwa anapita kalekale, chaka chatha. Akafuna sukulu, m'kaundula, pa mayeso ndi pa satifiketi adzakhala Lusungu mpaka kukalamba. Dzina limene ndinamupatsa ndili pa bedi la chipatala, nditamudikira zaka zisanu, tinalitaya tokha popanda wotilanda.

M'mawa mwake cha m'ma 7 koloko tinakwera lole yonyamula chimanga yopita ku Rumphi, K5,000 aliyense, titakhala pamwamba pa matumba. Ndinkakonza m'mutu mawu okauza a Gondwe ndi abambo awo, ndipo mantha ndinali nawo, sindinama. Mwana anakhala pambali panga atafumbata jumbo ya zovala ndi makope ake. Tisanafike pa Bolero, mayi wina wokalamba amene anakhala moyang'anana nafe anamupatsa chinangwa chophika.

“Mwana muwemi uyu,” anatero m'Chitumbuka, n'kumufunsa dzina. “Zina lako ndiwe njani?”

Ulendo uno unandiphunzitsa chinthu chimodzi, ndipo ndinachiphunzira pamwamba pa matumba amenewo. Ife tinkati tikusintha dzina papepala chabe, pomwe mwana ankamva kuti tikusintha munthu chifukwa woyambayo sitinamufune.

Mayi uja anadikira yankho, chinangwa chili m'manja mwa mwana. Mwana wanga anatembenuka n'kuyang'ana ine, kudikira kuti ndimuuze.